Sikirabu ya shuga wabulawuni, yogula ndi yopanga ndekha: nazi zomwe ndaona pakhungu langa

Ndineneretu pano kuti amene mulibe bandulo yokwanira musavutike kutsika mpaka pansi. Sikirabu ya shuga wabulawuni, ija yokhulira thupi posamba, imagwira ntchito, khungu limasalala zoona, kutuwa kuja kumachoka, miyendo imawala bwinobwino olo usanadzole loshoni. Koma zoti imayeretsa khungu, imafufuta zipsera, imachotsa mizere ya pamimba ya uchembere, zimenezo ndi zokometsera malonda basi. Ndipo botolo lomwe asisi akugulitsa pa sitetasi ya WhatsApp lija, zamkati mwake pafupifupi zonse zili kale kukhitchini kwanu.

Ine yanga yoyamba ndinagula kwa mayi wina wa konkuno ku Blantyre amene amapanga yekha kunyumba, dzina sinditchula chifukwa si nkhani yoononga bizinesi ya munthu iyi, ndipo kunena chilungamo mayiyo ndi waulemu, oda inafika tsiku lomwe tinapangana, wanjinga yamoto anandipeza pa siteji osavuta. Botolo lake lapulasitiki lija la chivindikiro chopota, lebulo yokongola yapinki, pamwamba kariboni, ukangotsegula fungo la vanila limakulandira mpaka ana anabwera kudzafunsa ngati ndagula keke. Pamenepo ndiwapatse ulemu wawo, katundu amadziwa kumuveka. Koma nditatembenuza botolo kuti ndione zomwe aikamo, palibe chomwe analemba. Palibe mndandanda wa zosakaniza, palibe tsiku lopangira, palibe tsiku lothera mphamvu, chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards nde osachita kunena. Kunali nambala ya foni ndi mawu akuluakulu olonjeza khungu lowala komanso loyera m'masabata awiri. Nditawafunsa kuti mwaikamo chani anangoti shuga, mafuta, uchi, mandimu ndi chinsinsi chathu. Chinsinsi chimenecho ndi chomwe sichinandisangalatse, chifukwa chinthu chopaka pathupi sichofunika kukhala ndi chinsinsi, makamaka masiku ano pomwe ena akumasakaniza timachubu toyeretsa khungu tija m'zodzola n'kumati ndi zachilengedwe. Sindikuti mayiwa anatero, ayi, ndikungoti ine kasitomala ndinalibe njira yodziwira.

Kagwiridwe kake ka ntchito kanali bho pa miyendo ndi m'zigongono. Umasamba kaye ndi sopo, khungu likadali lonyowa umatapa pang'ono n'kumatikita mozungulira, kenako kutsukuluza. Ukatuluka m'bafa ukadzigwira umamva kuti eya, apa pasintha. Mavuto anali awiri. Loyamba mafuta anali ochuluka kwambiri moti amayandama pamwamba, shuga yense atakhazikika pansi, umayenera kutakasa nthawi iliyonse. Lachiwiri, ndipo ili ndi lomwe ndikufuna tikhalepo pang'ono, inali yokanda heve. Pamwendo umapirira, koma pamkono mkati muno ndi pachifuwa imasiya timizere tofiira towawa ukathira madzi.

Chifukwa chake ndi shuga weniweniyo. Maresipi ambiri omwe anthu akutengera pa YouTube ndi TikTok ndi a ku America ndi ku Ulaya, ndipo onse amanena zofanana, akuti gwiritsani ntchito shuga wabulawuni chifukwa ndi wofewa kuposa woyera. Kwawoko ndi zoona. Shuga wabulawuni amene iwo akunena ndi uja wophikira makeke, timibulu take ting'onoting'ono, wonyowerera, ukamufinya m'manja amaumbika, nthawi zambiri amakhala shuga woyera yemwe amuthiranso molasesi, manyuchi akuda aja otsala popanga shuga. Wathu uja wa m'paketi wothira mu tiyi si ameneyo. Wathu ndi wouma, wa mibulu ikuluikulu yamakona, ukamugwira umamva kuti ngokhakhala, ndipo amachedwa kusungunuka, nchifukwa chake mu tiyi umatakasa mpaka dzanja kutopa. Nde munthu akatenga resipi ya kunja n'kuthira shuga wa ku Nchalo kapena ku Dwangwa mmene alili, chotuluka chake si chomwe anaonera pa vidiyo paja. Shugayo alibe mlandu, Illovo ndi Salima Sugar amapangira phala ndi tiyi, sanapangire zigongono zathu. Mtundu wabulawuniwo ndi kamolasesi kochepa kotsalira pa mibulu, molasesi wambiri amachotsedwa ku fakitale, ena mwa iye ndi amene amapita ku PressCane ndi ku EthCo kukapangira ethanol. Choncho musaganize kuti mtunduwo ndiye mankhwala.

Nditazindikira zimenezo ndinayamba kupanga yanga, ndipo sitepe imene inasintha zonse ndi yophweka moseketsa, kusinja shuga. Kamtondo kakang'ono kosinjira adyo kaja, koma katsukeni bwino kaume, apo ayi mutuluka m'bafa mukununkha ndiwo, tsabola nde asayerekeze kutsalamo. Amene muli ndi blenda ingolizani kamphindi kochepa. Osati mpaka akhale ufa ayi, akakhala ufa amangosungunuka pakhungu lonyowa osagwira ntchito iliyonse, mungofuna mibulu ija iphwanyike makona. Ukamutikita pakati pa zala azimveka ngati mchenga wosefa wa kunyanja. Ngati mukugula zinthu m'masupamaketi akuluakulu ndipo mwapeza uja wofewa wophikira makeke, ameneyo safuna kusinja, kungoti mtengo wake umakhala wina.

Muyeso wanga ndi uwu, masupuni akulu 6 a shuga wosinja, masupuni 2 a mafuta, ndi kasupuni kakang'ono ka uchi. Maresipi ambiri amati kapu imodzi ya shuga pa theka la kapu ya mafuta, kwa ine zimenezo zimachuluka mafuta, zimathera kuyandama kuja. Yambani ndi mafuta ochepa muzionjezera pang'onopang'ono mpaka ziumbike pa supuni osayenderera. Uchi olo mulibe palibe vuto, umangothandiza kuti zigwirane komanso khungu lisaume msanga. Ndipo uchi wabwino wa ku mpoto uja mmene wakwerera mtengo, kuutsanulira m'ngalande ya bafa mtima umawawa, nde kasupuni kamodzi nkokwana.

Pa mafuta mpomwe anthu amataya ndalama. Aliyense amathamangira a kokonati chifukwa ndi omwe amatchulidwa pa intaneti. Ndi abwino inde, fungo lake ndimalikonda, koma ali ndi khalidwe lake. Amagwirana kukazizira kufika cha pa madigiri 24 kutsika, nde mu June ndi July kuno chiperoni chikagwa, kapena inu a ku Dedza ndi ku Mzuzu, mudzapeza sikirabu yanu yauma gwa yofunika kukumba ndi supuni. Mu October imasungunuka n'kukhala madzimadzi. Chinanso kwa ena amatseka timabowo ta pakhungu, ngati mumatuluka ziphuphu kumsana ndi pachifuwa ganizani kawiri. A olivi ndi odula komanso olemera, ine sindinaone chomwe amaposera ena pa chinthu choti utsukanso pakangotha mphindi zochepa. Amene anandidabwitsa ndi ophikira a mpendadzuwa, omwewa tikazingira mazira. Ngopepuka, alibe fungo, sagwirana kukazizira, ndipo khungu limawalandira bwino. Koma akhale atsopano a m'botolo lotseka, osati oyeza pa msika m'timapepala aja omwe sudziwa akhala padzuwa nthawi yaitali bwanji, ndipo chonde osati otsala pokazinga tchipisi kkkk ndanena chifukwa ndikudziwa alipo wina akuganiza zimenezo. A malambe nawonso amapangidwa konkuno kwathu ndipo ndi abwino kwambiri pakhungu, koma amenewo bola kudzola ukatha kusamba akhale pathupi tsiku lonse, kusiyana ndi kuwathira mu sikirabu n'kuwatsuka nthawi yomweyo.

Tsopano nkhani yoyeretsa khungu ija. Chomwe sikirabu imachita ndi chimodzi chokha, kupala khungu lakufa lomwe lili pamwamba, n'kusiya mafuta pang'ono. Khungu la munthu limadzisintha lokha, kwa wachinyamata zimatenga masiku ngati 28, ukamakula zimachedwerapo, ndipo nyengo yozizira ya mphepo ija lakufalo limaunjikana nkumaoneka mbuu. Ukalichotsa mtundu wako weniweni umaonekera bwino, umawala, ndipo anthu amakuuza kuti wayeratu iwe. Sunayere, wangochoka fumbi ndi kutuwa. Mtundu wa khungu umapangidwa mkati, shuga safikako. Ogulitsa ena amakonda kunena kuti shuga ali ndi glycolic acid, inde asidi ameneyo amapezeka mu nzimbe, koma mu shuga wa m'paketi amene wadutsa mu fakitale simungapezemo wokwanira kusintha kanthu, ndiponso n'chinthu chongokhala pathupi mphindi ziwiri. Wina anandiuzanso kuti shuga wa ku Malawi ali ndi vitamini A nde amadyetsa khungu. Zoti muli vitamini A ndi zoona, anayamba kuthiramo cha mu 2012, koma cholinga chake nchakuti tizidya, makamaka ana, osati tizipaka. Mukafuna vitamini ameneyo imwani tiyi.

Mandimu ndi omwe ndimakana kwamtuwagalu. Yogula ija inali nawo ndipo ndikukhulupirira ndi omwe amaonjezera kuwawa pa timizere tija. Madzi a mandimu ndi asidi, pakhungu loti walipala kumene amaluma, ndipo akatsalira pakhungu n'kupita padzuwa amatha kuwaula n'kusiya mabanga akuda omwe amatenga miyezi kuti azimirire. Tangoganizani, wapaka kuti uyere, mapeto ake wada zigambazigamba. Ndi dzuwa lathu la October lija si zoseweretsa. Soda wophikira naye chimodzimodzi, amaumitsa khungu, musiyeni apange zitumbuwa ndi thelere.

Maondo ndi zigongono zakuda, apa ndikudziwa ambiri mpomwe pali chiyembekezo chanu. Zimasintha pang'ono ngati kudako kunali khungu lokhuthala louma, pakatha masabata angapo mumaona kuti pafewa ndipo pakuoneka bwinoko. Koma khungu lathu lakudali lili ndi chikhalidwe chakuti likavutitsidwa limabwezera ndi kuda kwambiri, nchifukwa chake chiphuphu chikaphulika chimasiya banga, udzudzu ukaluma ukakanda pamatsala kadontho. Nde ukamakhula bondo tsiku ndi tsiku mwaukali kuti liyere, ukuliuza kuti lide. Kamodzi pa sabata nkokwana, kawiri ngati khungu lanu ndi lolimba ndipo kukuzizira. Dzanja likhale lopepuka, shuga ndi amene agwire ntchito osati mphamvu zanu. M'khwapa ndi pakati pa ntchafu nde musalimbane namo nkomwe, kuda kwa mmenemo nthawi zambiri kumabwera ndi kukhulana komanso kumeta, kuonjezera kukhula kwina sikungathandize. Ndipo ngati khosi kumbuyoku lada mokhuthala ngati pali litsiro losachoka olo musambe bwanji, osalimbana ndi sikirabu, pitani kuchipatala akakuyezeni shuga wa m'magazi, nthawi zina chimakhala chizindikiro cha zimenezo.

Kunkhope ine sindipaka, olo yosinja. Mayi wogulitsa uja anati ndi ya thupi lonse kuyambira kumutu mpaka kuphazi, koma khungu la kunkhope ndi lopyapyala, ndipo ngati pali ziphuphu mumangoziphulitsa n'kuzifalitsa. Pamilomo pokha ikasweka nyengo yozizira, kashuga kosinja kwambiri ndi uchi, mopepuka, kenako Vaseline, pamenepo zimatheka. Kumalo obisika nde ayi ndithu, shuga kumeneko ndi kuitana zoyabwa.

Zina zomwe pa mavidiyo paja sanena. Nyerere. Mayo ine nyerere. Ukangosiya kadontho pa chivindikiro kapena pansi pa bafa, mawa lake upeza mzere kuchokera pawindo mpaka pa botolo, mphemvu nazo zimabwera kudzaona. Botolo lisamakhale kubafa, ndipo mukatha muzithira madzi ambiri pansi. Kenako kuterera, mafuta pa matailosi kapena pa simenti yosalala ija ndi ngozi yeniyeni, wobwera kudzasamba pambuyo panu akhoza kuthyoka msana osadziwa chomwe chachitika, makamaka ngati bafa ndi logawana ndi aneba kapena pakhomo pali agogo. Kasopo kaufa ndi burashi mukangomaliza. Komanso imadya madzi, tsiku loti mpopi wauma mukusambira kabeseni kamodzi kotunga ku mjigo si tsiku la sikirabu, mutuluka muli nomatanomata ntchentche zikukutsatani. Madzi ofunda amatsuka bwino kuposa ozizira.

Kasungidwe nako nkofunika. Shuga ndi mafuta paokha sizionongeka msanga, chomwe chimaononga ndi madzi. Ukamapisa dzanja lonyowa m'botolo shuga amayamba kusungunuka, pansi pamakhala manyuchi, kenako kafungo kachilendo, nthawi zina mpaka chuku. Yogula ija inandithera choncho isanafike ndi theka lomwe, ngakhale ndimatapa ndi supuni youma, nde ndikuganiza kuti madzi a mandimu aja ndi amene anafulumizitsa. Apa mpomwe kupanga wekha kumapambana, umapanga yochepa yokwana masabata awiri kapena atatu, m'kabotolo ka mayonezi kotsuka n'kuumitsa bwino, ikatha upanganso ina, ntchito yake siifika ndi mphindi khumi zomwe. Ndimatapira ya tsiku limenelo m'kambale n'kupita nako kubafa, botolo limatsala kuchipinda lotseka. Galasi kubafa ayi, manja amafuta ndi galasi sizigwirizana.

Pali anthu oti asayese nkomwe kapena afunse kaye adokotala. Amene muli ndi zilonda, zidzolo, zipere, chikanga kapena khungu lomwe limangoyabwa n'kusuwa, kukhula kumangoonjezera moto, ndipo zipere nde mumazifalitsa thupi lonse. Amene mukudzola mafuta oyeretsa khungu, khungu lanu lapyapyala kale, shuga alicheka. Odwala matenda a shuga, kupaka shuga pakhungu sikukweza shuga wa m'magazi ayi, koma kumapazi samalani kwambiri chifukwa kabala kakang'ono kamachedwa kupola ndipo mwina simungamve kuti mwadzicheka. Ana aang'ono safunika zimenezi. Ometa miyendo ndi abambo ometa ndevu amene mumabera sikirabu ya akazi anu, tikukudziwani, pakani musanamete osati mutameta. Tsiku limodzi musanamete zimathandizako kuti tsitsi lisamakulire mkati, koma pakhungu longometa kumene mudzavina.

Ku zikang'a ndisakunamizeni, yalephera. Chidendene chong'ambika chimafuna kuviika m'madzi ofunda, mwala wotsukira mapazi uja amayi athu amasunga pakona pa bafa, kenako Vaseline kapena giliserini ndi sokosi usiku. Shuga amasungunuka asanachite kanthu pa chikopa cholimba chija. Ndipo tikanena zoona chinkhupule chabwino ndi sopo, kenako kudzola thupi likadali lonyowa pang'ono, chimakufikitsa pafupi kwambiri ndi zomwe sikirabu imachita. Kusiyana kwake nkwakuti sikirabu imapala ndi kudzoza nthawi imodzi, nde kufewa kwake kumamveka pompopompo ndipo kumakhala mpaka mawa lake, komanso shuga saluma pa timabala ngati mmene umachitira mchere, poti ena amapangira mchere. Ina ndinayesa kuthiramo khofi wogaya wa ku Mzuzu, fungo lake m'mawa ndi labwino zedi, koma amadetsa bafa ndi thaulo, ndipo zoti amasungunula mafuta a m'ntchafu musamvere.

Pa mtengo, ndalama yomwe ndinalipira botolo limodzi kuphatikiza wanjinga inali yokwana mapaketi angapo a shuga ndi botolo la mafuta ophikira, zomwe zingapange sikirabu ya miyezi yambiri tiyi n'kumwanso. Sindikuwada opangawo, mabotolo amagula, malebulo amasindikiza, bandulo yotsatsira, nthawi yawo, ndipo chikwereni zinthu kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 aliyense akusaka pogwira. Tonse tikukumbukanso 2024 shuga atasowa m'mashopu anthu akuima pamizere kulimbirana paketi, nthawi ngati imeneyo kupaka shuga kumwendo apongozi akuona ndi kudziputira nkhani. Masupuni 6 pa masabata awiri si zambiri, koma zikavuta tiyi ndiye amayamba.

Nde yogula ija pa 10 ndikuipatsa 5, fungo ndi kaonekedwe zili bwino, mwini wake ngwaulemu, koma yokanda, yamafuta ambiri, ya mandimu, yosalemba zosakaniza komanso yolonjeza zomwe singachite. Ngati mphatso ya pa bridal shower kapena kwa mnzanu wokonda zonunkhira ikhoza kukhala bho, bola mumuuze kuti kunkhope ayi. Yopanga ndekha ndikuipatsa 8, ziwiri zachoka chifukwa cha nyerere ndi kukolopa bafa. Amene mukufunabe kugula chifukwa mulibe nthawi yosinja, funsani wogulitsa akuuzeni chilichonse chomwe waikamo, wapanga liti, ndipo ngati n'kotheka akupakeni pang'ono kuseri kwa dzanja mumve kukhakhala kwake musanatulutse ndalama. Akayamba za chinsinsi kapena zoyera m'masabata awiri, bwezani foni m'thumba. Mayi uja ndinawatumizira uthenga kuwauza zosinja shuga ndi kuchotsa mandimu, anayankha kuti zikomo asisi tiona, koma makasitomala ambiri akuti amafuna yokanda yomweyo chifukwa ikamawawa ndiye amati ikugwira ntchito.